Mphwanga, iyendere galimoto ya nyumba ija mvula isanagwe

Eee mphwanga, mwadzuka bwanji kumeneko ku Tete? Uthenga wako ndaumva. Wati abwana ako akusiyira galimoto ya nyumba ija, yokhala ndi bedi ndi khitchini mkati, kuti uziyang'anira mpaka adzabwere. Tchera khutu, chifukwa Novembala ali pakhomo.

Uyambe ndi kuitsuka, m'mamawa, pamthunzi. Dzuwa la kumeneko ukulidziwa, Okutobala uno limapyola madigiri 40, sopo amauma usanatsukuluze n'kusiya mawanga. Ngati munadzera ku Moatize, fumbi la malasha lija ulithire madzi ambiri kaye, ukalipukuta louma limakala penti ngati mchenga. Payipi yamphamvu ya kotsukitsa magalimoto ija usailoze m'molumikizira, imakankhira madzi mkati.

Tsono mvetsa apa. Khoma la galimoto zimenezi si chitsulo ngati cha lole ayi. Kunja kuli aluminiyamu wopyapyala kapena faiba, pakati siponji yolimba, mkati pulayiwudi, zonse zomatidwa ndi guluu. Madzi akalowa, matabwa amawola mwakachetechete kunja kukunyezimirabe. Ndiye tenga ndalama yachitsulo ya mametikali 10, uzigogoda pang'onopang'ono khoma lonse. Pabwino pamalira "ti ti ti", pamene pamatuka pamalira "bu bu" ngati ng'oma yakutha. Pamenepo kanikiza ndi chala chachikulu, pakalobodoka ulembe ndi choko. Madzulo uime pakona n'kuyang'ana cham'mbali, zotupa zimaoneka bwino dzuwa likapendeka.

Koma pamene ndikufuna uchedwepo ndi pa zomatira zotsekera madzi zija, m'mphepete mwa mawindo, chitseko, magetsi, m'makona, makamaka kawindo ka padenga. Dzuwa limaziumitsa n'kuzing'amba. Chaka chatha kuno ku Ulongué anandibweretsera galimoto ina yotere yolowera ku Calómuè, pachipata cha malire ndi Malawi. Mng'alu wake unali waung'ono, chikhadabo chimalowa movutikira. Titakanganula lata, thabwa linatuluka lakuda bii, likufumbutuka m'manja ngati gaga wonyowa. Ndinamva chisoni, mwini wake ankailemekeza galimotoyo.

Ukapeza mng'alu usamate pamwamba pa zakale. Pala zakalezo ndi kapulasitiki, osati mpeni, upukute ndi sipiriti, paume gwa. Kenako uike zomatira za polyurethane, monga Sikaflex, usalaze ndi chala choviika m'madzi a sopo, upasiye tsiku lathunthu osathirapo madzi. Silikoni wa kubafa wonunkha viniga uja usamugule ngakhale atchipe bwanji. Amamatuka msanga, ndipo pamene wakhalapo zomatira zina sizigwiranso.

Masikuluwu uwaone limodzilimodzi. Ukaona kaufa koyera kazungulira mutu wake, ndiye kuti aluminiyamu akudyeka. Uchotse, uyeretse, uike yosachita dzimbiri, udonthezere zomatira m'bowomo usanamange. Usamangitse mpaka lata kulowa mkati.

Padenga usaponde chipondeponde. Yala thabwa lalitali, uziyenda chokwawa.

China ndimaiwala, mukadzabwera ku Furancungo kapena msewu uliwonse wamabampu, udzaonenso m'makona monse, kugwedezeka kuja kumamasula zomwe unamanga. Lero lomwe undijambulire kawindo ka padengako mbali zonse zinayi, unditumizire pa WhatsApp ndikuuze ngati pakufunika kukanganula. Upereke moni kwa apongozi.