Mphwanga, mvera izi usanapite ndi alamu kukadya steak

Ee mphwanga, uthenga wako ndaumva, ndingoyankha pa voice note chifukwa zoti ndikuuze ndi zambiri. Wati Loweruka ukufuna kutenga alamu mukadye nyama pamalo apamwamba, wachita bwino kwabasi, koma tchera khutu chifukwa ine ntchito ya uweta ndi imene ikundidyetsa muno mu Johannesburg ndipo zimandiwawa kuona anthu akwathu akuwononga ndalama zawo pa zinthu zoti akanangofunsa.

Yamba ndi kubukitsa tebulo, usangotulukira ayi, Loweruka madzulo kumadzaza. Ku Sandton pa Nelson Mandela Square, paja pali chiboliboli chachikulu cha Madiba, pali The Butcher Shop & Grill, ku Rosebank kuli The Grillhouse komanso Marble kumene amawotcha pa moto wa nkhuni iwe ukuona. Menyu yawo uione pa intaneti ukadali kunyumba kuti mtengo usakakudzidzimutse alamu ali pamaso pako. Uvale malaya a kolala ndi nsapato zotseka, jezi ya Bullets ija isiye kaye.

Mukangokhala pansi weta afunsa kuti still or sparkling, amenewo ndi madzi a m'botolo ndipo alowa pa bilu. Ukafuna a pampopi ungoti tap water, ndi aulere, palibe chamanyazi.

Tsopano nkhani yeniyeni ndi nyamayo. Fillet ndiye yofewa kuposa zonse, mafuta ake ndi ochepa kwambiri, koma ndi yodula ndipo kwa ine kukoma kwake nkochepa. Rump imafuna kutafuna pang'ono koma imamveka kuti ndi ng'ombe, mtengo wakenso ndi wabwinoko. Sirloin ili ndi mafuta m'mbali, rib-eye mafuta ake ali m'kati mwa mnofu timizere toyera tija, ikafika pamoto amasungunuka nyama yonse n'kunona, ine ndikanakhala iwe ndikanatenga imeneyo. T-bone ndi nyama ziwiri pa fupa limodzi, uku sirloin uku kafillet. Pa menyu alemba magalamu, 200g, 300g, 500g, ndiye dziwa kuti pa T-bone fupalo aliwerengera momwemo. Munthu mmodzi 300g yamukwana. Ukaona alemba aged masiku 21 kapena 28 usaganize kuti ndi yogonera, amachita kuisunga dala pamalo ozizira kuti ifewe ndi kukoma.

Ndiye akufunsa kuti aiwotche bwanji. Apa mphwanga ndikupempha, usanene well done. Ndikudziwa kwathu tinazolowera nyama yopsa mpaka m'kati, koma steak yodula chonchi ukaipsereza imauma gwa ngati kanyenya wotsala dzulo, ndalama yako yapita. Unene medium, m'kati imakhala yofiirira pang'ono, yotentha, yofewa. Timadzi tofiira totuluka ukaidula si magazi, magazi anatha kale kophera, ndi madzi a mnofu basi. Alamu akaopa kwambiri atenge medium well. Ikabwera dula pakati uone, ngati siinapse momwe unanenera uza weta mwaulemu aibweza pamoto, zimenezi timachita tsiku ndi tsiku sitikwiya.

Funsa kuti nyamayo ikubwera ndi chiyani, malo ena tchipisi kapena mbatata zili momwemo, ena chilichonse ndi mtengo wake, sipinachi, saladi, ngakhale sosi. Sosi wa pepper kapena wa bowa uwauze aike pambali kuti uyambe walawa nyama payokha. Vinyo ngati mumwa, nyama ya ng'ombe imayenda ndi wofiira, yesani Pinotage wa konkuno ku South Africa, ndipo unene momveka kuti galasi osati botolo. Ukaitanitsa botolo athira pang'ono kuti ulawe, ukagwedeza mutu ndiye athira onse.

Foloko kumanzere mpeni kumanja, dula kachidutswa kamodzi udye, osati kuduliratu yonse izizira. Mukamaliza ikani mpeni ndi foloko pamodzi pa mbale, weta adziwa yekha. Yotsala atha kukukulungirani, ingopempha.

Ndipo chonde, weta usamuitane ndi likhweru kapena kuliza zala, muyang'ane m'maso ukweze dzanja pang'ono abwera. Ambiri ndi anzathu a ku Zimbabwe, ena ndi akwathu komwe, aima kuyambira masana ndipo lendi ndi ndalama yotumiza kumudzi zimachokera pa tipu, kandalama kothokoza kamene kasitomala amawonjezera pa bilu. Kuno tipu imayambira 10 peresenti, akakusamalirani bwino 15, ndiye bilu ikakhala R1,200 uwonjezere R120 kapena kuposa apo. Uyambe wawerenga biluyo, malo ena amaikiratu tipuyo pa bilu n'kulemba kuti service charge makamaka mukakhala gulu, ikakhalapo sukakamizidwa kuwonjezeranso. Polipira ndi khadi umuuze ndalama yonse pamodzi ndi tipu asanalembe pa makina.

Popita sitima ya Gautrain ikutsitsani pa Rosebank kapena pa Sandton, koma siyenda mpaka pakati pa usiku, ndiye pobwerera itanitsa takisi ya Uber kapena Bolt mukadali m'kati, muone nambala ya galimoto musanakwere, foni isakhale m'manja pamsewu. Mukafika kunyumba undiflashe, ndipo alamu uwapatse moni.