Kuwomba chikwama pa felemu ya misomali: uthenga wa mawu kwa azimayi a pagulu

Eya, yayamba kujambula. Mwaswera bwanji azimayi anzanga nonse? Ndati ndingolankhula, chifukwa zoti ndilembe zonsezi pa WhatsApp kungandichere. Komanso Loweruka lija ena munachoka msanga chifukwa cha maliro, ndiye mvetserani, mukasowa pena mubwezere m'mbuyo.

Tiyambe ndi felemu. Pitani kwa kalipentala, muuzeni akukhomereni matabwa anayi, m'kati mwake mutalike mita imodzi, mulifupi masentimita 45. Matabwa ake ouma, chonde, osati aawisi, aawisi amapindika ulusi ukayamba kukoka. M'makona aikemo timatabwa topingasa kuti isamagwedere. Ndiye misomali. Misomali ikhale pa thabwa la kumtunda ndi la kumunsi basi, m'mbalimu ayi. Kuchokera pa msomali kufika pa unzake sentimita imodzi, mpaka ikwane masentimita 40, ndiye kuti misomali 41 kumtunda, 41 kumunsi. Koma musaikhome pa mzere umodzi. Ndibwereze, musaikhome pa mzere umodzi, thabwa limang'aluka. Jambulani mizere iwiri ndi pensulo, wina msomali pa mzere wapamwamba, wotsatira pa mzere wapansi, wina pamwamba, wina pansi, choncho. Ipendekeke pang'ono kuloza kunja kuti ulusi usamavuke.

Tsopano ulusi woyimirira. Ayi, dikirani, ndalumpha. Musanakhudze ulusi, kachapeni kaye nsalu zanu. Kaya ndi chitenje chakale, kaya ndi zidutswa zomwe mwapempha kwa telala, chapani, yanikani, sitani. Chitenje chatsopano chimakhala cholimba ndi mankhwala a kufakitale, ndipo china chimachucha utoto. Mukaluka chosachapa, tsiku lomwe mwini chikwama adzanyowe ndi mvula, bulauzi yake yoyera idzasanduka yofiira, ndiye adzabwera kwa inu. Ndipo sankhani za thonje. Zoterera zija zonyezimira, za naironi, zimathawa m'manja, sizikhazikika pa mzere ngakhale muzigogode chotani.

Mukatero dulani timizere, mulifupi masentimita 2, ngati chala chachikulu ichi. Chitenje chimodzi chathunthu chimakwana chikwama chimodzi, nthawi zina kutsalako. Ena amang'amba ndi manja, ndi zachangu inde, koma zimatulutsa nyenyeswa za ulusi zambiri. Ine ndimadula ndi sizasi.

Chabwino, tibwerere ku ulusi woyimirira uja. Ameneyu ndiye msana wa chikwama, katundu yense adzalendewera pa iye. Gulani thwaini wa thonje, wolimba. Wolukira majuzi ayi, amatamuka. Wosokera pa makina ayi, ndi wowonda. Muyeseni pomwepo m'sitolo, mukulunge m'manja onse awiri, mukoke mwamphamvu. Akaduka musiyeni. Pamafunika mamita 80 ndi kapamwamba pake, chifukwa msomali uliwonse umabereka ulusi uwiri. Mangani pa msomali woyamba kumtunda, tsikani, zungulirani wa kumunsi, kwerani, zungulirani, mpaka kumapeto. Osamanga mfundo yomaliza msanga. Yambani mwatseka maso, muyendetse chikhatho pamwamba pa ulusi wonse, mumva pomwe pali pofooka. Kungani kuyambira koyamba, umodzi umodzi, kufooka konse kupite kumapeto, kenako ndiye mumange. Wonse ukungike mofanana. M'mbali zonse ziwiri muwirikize, ulusi uwiri uziyenda ngati umodzi.

Iwe, tseka chitsekocho, nkhuku zikulowa. Pepani.

Ndinali pati... eya. Pezani nsungwi, muisepe ikhale yaphwatalala ngati rula ya kusukulu, yotalika kuposa felemu, muikhule ndi sandipepa isamakole ulusi. Ilowetseni, ulusi umodzi pamwamba, wina pansi, wina pamwamba, mpaka kutsidya. Mukaiimika cham'mbali imatsegula mpata, nsalu yanu imangodutsa kamodzi. Pobwerera mpatawo sugwira, mumatola ndi zala ulusi womwe unali pansi uja. Poyamba mudzaona kuchedwa, koma dzanja limazolowera. Ndipo mizere yoyamba, isanu ndi umodzi kapena isanu ndi itatu, lukani ndi thwaini yemweyo, osati nsalu, mugogode zolimba. Ndiwo maziko.

Tsopano apa ndi pomwe ndikufuna mutchere khutu, amene mukuphika siyani kaye mthiko. Mukadutsitsa kamzere ka nsalu, musakoke. Musakoke, azimayi. Ndikudziwa mtima umafuna kukoka kuti pakhale pothina, pooneka bwino, koma pamenepo ndi pomwe chikwama chimafera.

Ine changa choyamba ndinachiluka masiku anayi, nsalu ya buluu ndi yachikasu, chitenje cha malemu mayi anga. Mzere uliwonse ndinkakoka kuti m'mbali mukhale mosalala. Tsiku loyamba sindinaone kanthu. Lachiwiri sindinaone kanthu, poti umaona pomwe pali manja basi. Lachitatu nditaimika felemu kukhoma n'kuima patali, ndinapeza kuti kumunsi kuli masentimita 40, pakati 31. Chinali chitaning'a ngati mavu. Ulusi wa m'mbali unali utakungika mpaka umodzi unaduka ndili chiyang'anire. Ndinakhala pansi, misozi inatuluka, chifukwa chitenjecho ndinali nditachidula kale, panalibe china. Ndinamasula chonse, mzere umodzi umodzi, usiku ndi nyali.

Chimachitika n'chiyani? Tamverani. Nsalu ija sikuti imayenda mowongoka. Imakwera pa ulusi, kutsika, kukwera, kutsika, ngati njira ya m'mapiri. Njira ya m'mapiri ndi yaitali kuposa ya m'dambo. Ndiye mukaipatsa utali wongokwana masentimita 40, ikamakwera n'kutsika imasowa, imakatenga kuti? Imakoka ulusi wa m'mbali kuti ubwere m'kati. Mzere umodzi umakoka pang'ono kwambiri, simungaone, koma mizere ilipo yoposa 150.

Ndiye chochita n'chotere. Mukadutsitsa nsalu, musaigoneke pa mzere wapansi. Isiyeni ikhote ngati utawaleza, pakati patukuke zala zitatu kapena zinayi. Dzanja lamanzere litsine pomwe nsalu yakhotera pa ulusi wa m'mbali, litsine ndithu, chala chachikulu ndi chamkombaphala, kuti ingokhudza ulusiwo koma osaukankha. Ndiye tengani foloko, foloko yodyera yomweyi, kapena chipeso cha mano akuluakulu, mugwetse utawaleza uja. Yambani pakati, kenako mbali iyi, kenako mbali iyo. Mwamva? Ndikuona ngati ena ndakusokonezani. Ndibwereze. Kudutsitsa, kusiya utawaleza, kutsina m'mbali, kugogoda kuyambira pakati. Osati kugogoda kaye n'kukoka pambuyo, ayi. Mukakoka pambuyo mwafafaniza zonse.

Ndipo tepi ikhale m'khosi. Mizere khumi iliyonse, yezani. Mukapeza 39, palibe vuto. Mukapeza 38, wonjezerani utawaleza. Mukapeza 37, masulani mizere khumiyo, musadzinamize kuti ziwongoka kutsogolo, siziwongoka. Komanso musapitirire muyeso, utawaleza ukakula kwambiri m'mbali mumatuluka timakutu, timakola zinthu. Amene mukuona kuti dzanja likukanabe, pitani kwa owotcherera akudulireni tizitsulo tiwiri towonda towongoka, mutimangirire m'mbali pamodzi ndi ulusi womaliza, muzilukira pomwepo. Chitsulo sichilola kukokedwa. Pomaliza mumangochisolola.

Pali mayi wina, sali pagulu pano, ndinamuuza zimenezi katatu. Anati iye analuka mikeka kuyambira ali mtsikana, palibe chachilendo. Mlaza ndi nsalu n'zosiyana, azimayi, mlaza uli ndi mphamvu yake, umadziimira wokha, nsalu imamvera dzanja. Analuka zikwama zitatu osayeza, zonse zinaning'a. Anayesa kuzinyowetsa n'kuzikhomera pa thabwa kuti zitamuke, zitauma zinabwerera. Zinandimvetsa chisoni, chifukwa mitundu anasankha bwino kwambiri, diso ali nalo.

Komatu ntchitoyi si yachilendo kwathu kuno. Ine kwathu n'ku Chikwawa, ndipo agogo ankatiuza kuti Amang'anja akale ankalima thonje, kupota okha ulusi, n'kuwomba nsalu yotchedwa machila, felemu yake yokhomera pansi. Amuna ndiwo ankawomba. David Livingstone pokwera mtsinje wa Shire mu 1859 anapeza anthu m'midzi akupota thonje ndi kuwomba. Nsalu za m'sitolo zitachuluka ndi pomwe luso lija linazilala. Thonje mpaka lero likulimidwa ku Chikwawa, ku Nsanje, ku Balaka, ku Salima, koma owomba pamanja ndiye achepa. N'chifukwa chake ine ndikagwira felemu mtima umakhala pansi.

Aa, ndaiwala kulumikiza. Kamzere kakatha, musamange mfundo, mfundo imatupa, imakhula m'nthiti mwa wonyamula. Dulani nsonga zonse ziwiri mopendeketsa, muzisanjikize masentimita 4 kapena 5, pakati pa nsalu, osati m'mbali. Osati m'mbali. Mukagogoda zimagwirana zokha.

Lukani mpaka masentimita 85, mutseke ndi mizere ya thwaini monga poyamba. Tsopano musathamangire sizasi. Dulani ulusi uwiri, mangani mfundo, dulani uwiri wina, mangani. Mukadula wonse kamodzi, mizere yomaliza imayamba kumasuka inu mukuona. Mukachotsa pa felemu mudzaona chafupika, mwina kufika 80 kapena kucheperapo, musadabwe, ulusi wapuma. Pititsani makina kawiri kumapeto konse, pindani pakati, sokani m'mbali, zimenezo mukuzidziwa.

Zogwirira. Apa napo pali nkhani. Mtsikana wina wa kutchalitchi kwathu anaphunzira bwinobwino, kuluka kwake koyera, koma zogwirira anangosokerera pamlomo pa chikwama, mzere umodzi. Ndinamuuza, mwanangu, chikwama chimenechi anthu sadzaikamo mpango wokha, adzaikamo mbatata, shuga, mabuku a ana. Anati lamba ndi wodula. Wogula anakachiyesa ku msika wa Limbe, potsika minibasi chogwirira chinazuka pamodzi ndi mizere itatu ya pamwamba, tomato m'matope. Anabweza chikwama, ndalama anatenga.

Ndiye gulani lamba wolimba uja wa zikwama za sukulu, mamita atatu. Ayende kuchokera pamlomo, kutsika, kudutsa pansi pa chikwama, kukwera mbali inayo, kupanga chogwirira, n'kubwereranso, akhale ngati mkombero umodzi. Akatero katundu amakhala pa lamba, osati pa nsalu yanu. Ndipo n'kosavuta kumusoka musanapinde chikwama, chikadali chotambasuka pa tebulo, pepani, ndikanayenera kunena poyamba paja. Lamba kaye, kenako kupinda. Pomwe lamba akusiyana ndi mlomo sokani kabokosi, m'kati mwake mtanda, kawiri. Singano ya makina ikhale yaikulu, nambala 18, yaying'ono imathyoka, ndipo poyandikira mfundo zija muzizunguza ndi dzanja.

M'kati muikemo nsalu ina yosalala, apo ayi makiyi ndi zolembera zimabowola n'kutulukira m'mipata. Isokeni payokha ngati kathumba, ichepe pang'ono kuposa chikwama, muilowetse, mupinde mlomo, mubise mfundo zonse pakati. Amene mukufuna kathumba ka foni musokeretu pa nsalu ya m'katiyo isanalowe. Za zipi tidzachitira limodzi, pafoni sizimveka.

Amayi a kumpoto kwa msika aja munafunsa ngati felemu yanga mungabwereke, bwerani mudzatenge Lachitatu madzulo, ndichotsapo chomwe chilipochi mawa. Enanu mukafika mizere makumi awiri, jambulani chithunzi tepi ili pamwamba pa nsalu, manambala azioneka, munditumizire musanapitirire.