Mphaka amatera ndi miyendo, koma amavulala

Tiyambe ndi kalata yomwe yandisowetsa mtendere sabata ino. Mayi wina akuti mwana wawo amakonda kuponya mphaka m'mwamba kuti aziona akutembenuka, ndiye akufunsa: "Paja mphaka savulala, eti?"

Amayi, mwanayo mumuletse lero lomwe. Chinthu chikamagwa, sekondi iliyonse liwiro lake limawonjezeka ndi mamita 9.8 pa sekondi. Kuchokera pa mamita 5 kugwa kumatenga sekondi imodzi yokha, ndipo pofika pansi liwiro limakhala pafupifupi makilomita 36 pa ola. Inde, mphaka amadzipotokola, kuyamba mutu, kenako miyendo yakutsogolo, yam'mbuyo pomaliza. Koma kutembenukako sikuchotsa liwiro. Miyendo ikapindika, chibwano ndi chifuwa zimagunda pansi, mano kuthyoka, nsagwada kusweka, mapapo kuvulala. Kamwana ka mphaka kosakwana masabata 7 ndiye lusoli sikanaligwire bwinobwino.

Ena mundiuza za amphaka 132 ogwa m'nyumba zosanja omwe madokotala a ziweto ku New York analemba za iwo mu 1987, kuti mwa othandizidwawo 90 pa 100 anapulumuka. Zoona. Nanga wofera pomwepo, ndani amapita naye kuchipatala kuti akawerengedwe?

Bambo ena akufunsa ngati galu wawo wonenepa angagwe msanga kuposa wowonda. Ayi bambo, kuchokera pakhonde afika limodzi, kungoti wonenepayo agunda mwamphamvu. Muchepetseko mbaleyo!

Kwa mtsikana amene mbira yake inapulumuka m'manja: pepa mwanawe. Kugwa mita imodzi sikukwana theka la sekondi, ndipo pomwe dzanja lako likuti ligwire, yatsika kale masentimita 30. Uziinyamula utakhala pansi, dzanja lina kunsi kwa chifuwa, lina kumatako.

Tsono makalata atatu akufunsa za kumwetsa mphaka panado akagwa. Abale inu, atatu! Panado amapha mphaka, ngakhale kachidutswa. Chiweto si munthu wamng'ono woti muzigawana naye mankhwala a m'kabati. Mphaka akagwa, muikeni m'katoni moyala thaulo, musamuwongole mwendo, musamukakamize kudya, thamangani naye kwa dokotala wa ziweto ngakhale akuyenda bwinobwino, poti kuvulala kwa mapapo kumatha kuonekera patapita maola. Akamapumira kukamwa, kapena nkhama zikayera, musadikire kuti kuche.