Kusankha power supply ya kompyuta yanu yoyamba ya magemu

Abale ndi alongo, makamaka inu achinyamata amene mwabwera ndi mapepala a zida zimene mukufuna kugula, ndaona kuti pafupifupi nonse mwalemba purosesa ndi graphics card pamwamba, pamene power supply mwaiika kumunsi kwenikweni, ndipo wina walemba kuti idzagulidwa ndi ndalama zotsala. Kabokosi kameneka ndiko kamalandira magetsi a 230V ochokera pakhoma n'kuwasandutsa a 12V, 5V ndi 3.3V amene zida zonse zamkati zimadya, ndipo kakakhala kachabechabe sikafa kokha, nthawi zina kamapita ndi motherboard kapena graphics card imene munaivutikira miyezi yambiri.

Tiyambe ndi mawati. Tiyerekeze kuti mwasankha purosesa ya Ryzen 5 5600, imene inalembedwa kuti ndi ya 65W, pamodzi ndi graphics card ya RTX 4060 imene imadya pafupifupi 115W. Mukaphatikiza motherboard, RAM, SSD (chosungira mafayilo) ndi mafani, kompyuta yonseyo siifika ngakhale 300W pamene mukusewera. Komabe kampani ya Nvidia imalangiza power supply ya 550W pa khadi limeneli, ndipo pa RTX 4070, limene limadya 200W, imalangiza 650W. Mawati otsalawo ali ndi ntchito, chifukwa graphics card imatha kukoka magetsi ochuluka mwadzidzidzi kwa kanthawi kochepa kwambiri, ndipo power supply yoperewera imazimitsa kompyuta masewera ali mkati. Kugula ya 1000W pa zida zimenezi ndi kutaya ndalama chabe.

Tsopano taonani power supply ndagwirayi, muipatsirane kuti aliyense aone. Musayang'ane nambala yaikulu imene yasindikizidwa pabokosi, koma tebulo laling'ono lomatidwa m'mbali mwake, pamzere wolembedwa kuti +12V, chifukwa purosesa ndi graphics card zimadya magetsi a mzere umenewo. Pansi pake pali nambala yothera ndi chilembo A, kutanthauza ma amp, ndipo mukaichulukitsa ndi 12 mumapeza mawati enieni. Mukapeza 45A, ndiye kuti muli ndi 540W, zimene n'zoyenera pa power supply ya 550W. Koma ngati bokosi likunena 600W pamene mzerewo ukuonetsa 30A, muli ndi 360W basi, ndipo wogulitsa akakuuzani kuti ndi zimodzimodzi, muthokozeni mwaulemu n'kutuluka.

Ambiri mumafunsa za chizindikiro cha 80 Plus, chimene chinayamba mu 2004. Chimatanthauza kuti pa magetsi amene power supply imakoka pakhoma, osachepera 80 peresenti amafika ku zida, ndipo otsalawo amasanduka kutentha. Bronze, Gold ndi Platinum ndi masitepe okwererapo pa muyeso womwewo. Chizindikirochi chimanena za kusawononga magetsi, sichilonjeza kuti zida zamkati n'zolimba. Ine ndimayang'ana kwambiri chitetezo cholembedwa kuti OVP, OCP ndi SCP, chimene chimazimitsa power supply magetsi akapitirira muyeso kapena mawaya akagundana, komanso kutalika kwa waranti. Makampani monga Seasonic ndi Corsair amapereka zaka zisanu mpaka khumi, nthawi zina kupitirira apo, pa mitundu yawo yabwino.

Za mawaya ndinena mwachidule. Pakufunika wa mapini 24 wa motherboard, wa mapini 8 wa purosesa, ndi wa 6+2 wa graphics card. Ngati power supply yanu ndi ya mawaya ochotseka, musabwereke waya wa mtundu wina kwa mnzanu ngakhale ukulowa bwinobwino, chifukwa kasanjidwe ka mapini kumbali ya power supply kamasiyana, ndipo mukhoza kuwotcha SSD pongoyatsa kamodzi.

Mayi wina anafunsa za kuthimathima kwa magetsi. Power supply si batire, imasunga magetsi kwa kanthawi kosakwana ngakhale kuphethira kwa diso, choncho amene akufuna kuti kompyuta isazime mwadzidzidzi afunika UPS, chipangizo cha batire chimene chimapereka magetsi kwa kanthawi akathima, ndipo aziwerenga mawati ake osati nambala ya VA yokha yolembedwa pabokosi, popeza UPS ya 1000VA nthawi zambiri imapereka pafupifupi 600W. Pomaliza ndikupempheni kuti power supply ikawonongeka musaitsegule ndi sikuludilaiva, chifukwa makapasita amkati amasungabe magetsi oopsa ngakhale mutaizula pakhoma. Ibwezeni kumene munagula pamodzi ndi lisiti lanu.