Chihema chopanda mpando

Zikomo abale ndi alongo. Amene muli pakhomopo lowani, kutsogolo kuno malo alipo. Tsegulani Eksodo 25, vesi 8. Pamenepo Mulungu akuuza Mose kuti Aisraeli amupangire malo opatulika, kuti akhale pakati pawo. Anthuwatu ali m'chipululu, m'tsinde mwa phiri la Sinai, mudzi alibe, akugona m'matenti. Mulungu sanati muyambe mwakhazikika kaye. Nayenso anafuna tenti yake pakati pa matenti awo, yoti mtambo wa Mulungu wokhala pamwamba pake ukanyamuka, aiphwasule n'kuyenda nayo.

Tiyeni tilowemo limodzi. Bwalo lake linali la mikono 100 m'litali ndi 50 m'lifupi, pafupifupi mamita 45 ndi 23. Anyamata a mpira, limenelo ndi kachigawo chabe ka bwalo lanu. Ukangodutsa pachipata, choyamba kukumana nacho ndi guwa lansembe lokutidwa ndi mkuwa. Utsi, fungo la nyama yopsa, magazi pansi. Kutsogolo pang'ono beseni losambiramo ansembe. Amayi, imvani apa: Eksodo 38:8 akuti beseni limenelo linapangidwa ndi akalirole amkuwa a akazi amene ankatumikira pakhomo la chihema. Chodziyang'anirapo nkhope anachipereka. Ndipo anthu anabweretsa zopereka mpaka Mose anachita kuwaletsa kuti basi, zakwana. Asungichuma athu, zoterozo munazionapo?

Munthu wamba ankalekera pabwalopo. M'chipinda choyamba munkalowa ansembe okha: tebulo la mikate 12, choikapo nyale 7 chagolide, ndi guwa lofukizirapo. Kenako nsalu yotchinga. Kuseri kwake n'kumene kunali likasa la chipangano, ndipo kumeneko ankalowako mkulu wa ansembe yekha, tsiku limodzi pachaka, atatenga magazi. Werengani Levitiko 16.

Tsopano funso langa ndi ili. Amisiri aja Bezaleli ndi Oholiabu anapanga zonsezi, mpaka ngowe ndi zikhomo zomwe zinatchulidwa. Mpando wa wansembe mwaumvapo? Mulibe. Kwathu kuno mlendo akafika timayamba ndi mpando kapena mphasa, koma m'nyumba imeneyi wansembe ankagwira ntchito chiimirire. Nkhosa m'mawa, ina madzulo, mawa lake chimodzimodzi, chaka ndi chaka. Zili ngati kupalira m'dzinja: ukamafika kumapeto kwa munda, kumene unayambira udzu wamera kale.

Wolemba kalata ya kwa Ahebri anaiona nkhani imeneyi. Pa mutu 10, vesi 11 ndi 12, akuti wansembe aliyense amaimirira tsiku ndi tsiku, kupereka nsembe zomwezomwezo zosatha kuchotsa machimo, koma Khristu atapereka nsembe imodzi anakhala pansi kudzanja lamanja la Mulungu. Munthu amakhala pansi khasu akalitula. Ine ndimaona kuti ambiri timakhulupirira zimenezi pakamwa pokha. Tikalakwa timayamba kuwerengera: ndisale kudya masiku angati, ndipereke zingati, kuti Mulungu aleke kundikwiyira. Kusala n'kwabwino, kupereka n'kwabwino, koma tikaziyesa malipiro a tchimo ndiye kuti tabwerera kukaima paguwa lamkuwa lija.

Nanga nsalu ija? Mateyu 27:51 akuti Yesu atamwalira, nsalu yotchinga inang'ambika kuchokera kumwamba mpaka pansi. Tisasokoneze, imeneyo inali ya m'kachisi ku Yerusalemu, chihema cha Mose chinali chitapita kalekale, koma ntchito ya nsaluyo inali yomweyo, kutsekereza anthu. N'chifukwa chake Ahebri 10:19 akutiuza kulowa molimba mtima. Gogo amene sadziwa kuwerenga, mwana wa Sande sukulu, onse amafika kumene Aroni, mkulu wa ansembe, ankafika ndi mantha kamodzi pachaka.

Ndikuona dzanja kumbuyoko. Bambo, imirirani tikumveni, kenako tiwerenge Ahebri 9 tonse pamodzi.