Phewa likamabaya pokweza mkono, yambani ndi mafizo

Omvera athu, imirirani kaye. Mkono ulendewere, kenako muukweze pang'onopang'ono cham'mbali. Ngati ululu ukubaya mkono ukamayandikira mlingo wa phewa, n'kuyamba kuchepa ukafika pamwamba penipeni, tcherani khutu. Amayi amene mukuvutika potula ndowa pamutu, abambo amene tulo sitibwera mukagonera mbali imeneyo, ndikulankhula ndi inu.

M'phewamo muli mtsempha wodutsa pansi pa kafupa kotchedwa acromion. Mu 1972 dokotala wa ku America, Charles Neer, anati fupalo limatsina mtsemphawo, ndipo madokotala anayamba kumalipala pa opaleshoni. Kenako ku Britain kunachitika kafukufuku wa CSAW, wa odwala 313, amene anatuluka m'magazini ya Lancet mu 2018. Ena anawapala fupa, ena anangowalowetsa kamera osapala kanthu, ena sanawachite opaleshoni. Opalidwa aja ndi ongolowetsedwa kamera anapeza bwino mofanana! Ku Finland nakonso, kafukufuku wa FIMPACT anapeza zomwezo. N'chifukwa chake ine ndimati musathamangire mpeni.

Chitani chonchi. Gwirani tebulo ndi dzanja labwino, muwerame, mkono wopwetekawo ulendewere ngati chingwe, muziuzunguza pang'ono pokha. Mukatero yang'anani kukhoma, zala ziyende zikukwera ngati kangaude, mpaka pamene ululu wayambira. Imani pamenepo, tsitsani.

Koma izi ndiye zofunika kwambiri. Pezani chubu chakale cha njinga, mudule kachidutswa, mumange pachitseko. Chigongono chikhale chokhudza nthiti, ndipo mupanire kathaulo kopinda m'khwapa kuti chisachoke pamalo. Kokani chubucho dzanja likupita kunja, ngati mukutsegula zenera, n'kubwerera mosathamanga. Kakhumi, pumulani, kakhumi kenanso. Kathauloko kakagwa, dziwani kuti mukukoka ndi thupi lonse. Kupweteka pang'ono si vuto, bola kukhale kutatha pofika mawa lake. Ndipo pirirani, abale anga, masabata 12. Ambiri amasiya sabata yachiwiri, amvekere sizikuthandiza, pamene minofu isanayambe n'komwe kulimba. Zimandimvetsa chisoni.

Vuto lofananako limachitikanso m'chiuno, koma za kumeneko n'zosiyanako. Kumeneko mutu wa fupa la ntchafu umagundana ndi m'mphepete mwa dzenje lake, vuto limene dokotala Reinhold Ganz wa ku Bern, ku Switzerland, ndi anzake analifotokoza mu 2003. Limakonda achinyamata, makamaka osewera mpira, ndipo ululu umamveka m'mphechepeche munthu akanjuta kapena akakhalitsa pakampando kakafupi. Mu kafukufuku wa FASHIoN, wa odwala 348 ku Britain, magulu onse awiri anapezako bwino patatha chaka, koma ochitidwa opaleshoni anaposako ochita mafizo. Choncho yambani ndi kupewa kunjuta kwambiri, khalani pampando wautali, limbitsani minofu ya m'matako. Gonani chagada, mupinde mawondo, mukweze chiuno, muwerenge kasanu. Pakatha miyezi itatu osasintha, kaonaneni ndi dokotala wa mafupa.

Mankhwala ochepetsa ululu a ibuprofen musamwe mwachisawawa ngati muli ndi zilonda za m'mimba kapena vuto la impso. Ndipo ngati munagwa mkono n'kukaniratu kukwera, kapena malowo atupa, thupi likutentha, chubu chija chisiyeni kaye, pitani kuchipatala lero lomwe.