Alamu, gumbo amaphika chonchi

Alamu, mwaswera bwanji kumeneko? Uthenga wanu ndinaumvera ndili kuntchito, ndiye ndimati ndikafika kunyumba ndikuyankheni mofatsa. Mwati kuno anthu amangodya ma burger ndi tchipisi basi? Ayi ndithu. Kuno ku Louisiana, chigawo china cha dziko la America, chakudya chomwe amachinyadira ndi gumbo, moti mu 2004 anachita kukhazikitsa mwalamulo kuti ndicho chakudya cha chigawo chino. Ndipo musaope dzinalo, ndi therere lathu lomweli. Akuti mawuwo anachokera ku Angola, kumene therere lobala amalitcha kingombo, ndipo anafika kuno ndi anthu omwe anagwidwa ukapolo. Ndiye tengani cholembera, Loweruka muwadabwitse achimwene.

Pezani nkhuku imodzi, ya lokolo ndiye yabwino chifukwa siphwanyika msanga. Soseji theka la kilo. Kuno timagwiritsa ntchito yootcha pa utsi yotchedwa andouille, koma inu gulani iliyonse yonunkhira utsi. Anyezi awiri aakulu, gilini pepa mmodzi, timitengo titatu ta selari, adyo pang'ono, ndi therere lobala lanthete lodzadza manja awiri. Kenako kapu imodzi ya mafuta ophikira, kapu imodzi ya fulawa. Anyezi, gilini pepa ndi selari, zitatuzi anthu akuno amazitcha utatu woyera, ngati kutchalitchi, chifukwa mphika wawo suyamba popanda izo.

Yambani ndi kuwiritsa nkhuku m'madzi a mchere mpaka ifewe. Itsuleni, muchotse mafupa, mnofuwo muunyotsole. Msuzi wake musataye, pakufunika pafupifupi malita awiri. Soseji muidule mozungulira, muikazinge pang'ono, ikhale pambali. Anyezi ndi anzake aja muduliretu tsopano lino, akhale m'mbale pafupi ndi dzanja lanu. Ndikuuzani chifukwa chake.

Tsopano apa ndi pamene pagona gumbo yense, ndiye tcherani khutu. Amati roux, koma potchula amangoti ruu, ndi mawu a Chifalansa. Tengani poto wokhuthala pansi, osati aja opyapyala. Thirani mafuta, akatentha thirani fulawa pang'onopang'ono uku mukutakasa ndi mthiko. Moto ukhale wapakati. Ngati ndi pa mbaula, dikirani makala ayambe akhazikika, asakhale olilima. Mukayamba kutakasa, alamu, mwayamba. Foni ikaitana isiyeni. Mwana akalira, aitanidwe bambo ake. Mphindi 30, mwina mpaka 45, dzanja lisaime.

Muona fulawayo akusintha. Ayamba woyera, kenako afanana ndi tiyi wa mkaka, kenako chiponde. Ambiri amathawira pa chiponde pomwepo chifukwa cha mantha, koma pitirizani mpaka ade ngati chokoleti, fungo lake likhale ngati la mtedza wokazinga. Mukaona timadontho takuda tikuyandama, wapserera, tayani muyambirenso. Musaumire fulawa, poti mphika wonse udzawawa. Ine ulendo woyamba ndinataya kawiri, utsi thoo m'nyumba, belu lochenjeza za moto kulira mpaka aneba kutuluka. Komanso samalani, akakudontherani pakhungu amamata, chilonda chake n'choposa cha phala lotentha.

Mtundu ukangofika, khuthulirani anyezi, gilini pepa ndi selari nthawi yomweyo. N'chifukwa chake ndimati zikhale pafupi, ndizo zimaziziritsa ruu kuti asapitirire. Ziphulika, nthunzi ikwera, bwererani m'mbuyo pang'ono koma mthiko usaime. Pakatha mphindi zisanu ikani adyo. Kenako msuzi wa nkhuku uja, chipande chimodzi, takasani, china, takasani, kuti pasakhale mibulu. Ukalowa wonse ponyani soseji, mchere, tsabola. Kambuzi mmodzi akwana. Chepetsani moto zibwate ola lathunthu, mafuta akamayandama pamwamba muziwayengula ndi supuni.

Therere lija ndiye musalichite zakwathu. Soda ayi, chidulo ayi. Ife timafuna linande, iwowa safuna. Lidulenidulenitu, mulikazinge palokha m'mafuta ochepa mpaka kunanda kuchepe, ndiye mulithire mu mphika pamodzi ndi nyama ya nkhuku, ziwire mphindi zina 20. Ntchito yake ndi kulimbitsa msuzi. Ena m'malo mwa therere amawaza filé, ufa wa masamba a mtengo wa sassafras, nzeru yomwe anaphunzira kwa a Choctaw, eni nthaka akuno. Kumeneko simuupeza, musavutike nawo.

Ndikudziwa dzanja lanu likuyabwa kufuna tomato. Nkhani ya tomato kuno anthu amakangana nayo zenizeni. Anthu a mtundu wa Creole a mu mzinda wa New Orleans ambiri amathira, a mtundu wa Cajun akumidzi amati wathira tomato waononga. Ine ndili mbali ya a Cajun, chifukwa tomato amabisa fungo la ruu amene mwamuvutikira mphindi 40. Ulendo woyamba uno musathire.

Ndiye pogawa, si ndiwo za nsima izi. Phikani mpunga wa Kilombero woyera, wopanda mafuta. Mpunga pang'ono m'mbale yakuya, gumbo wambiri pamwamba, kudya kwake ndi supuni. Ndipo muwauze achimwene alawe kaye asanathire tsabola wina. Ku New Orleans kuli lesitilanti yotchedwa Dooky Chase's, kumene ankaphika mayi Leah Chase, omwe anamwalira mu 2019 ali ndi zaka 96. Barack Obama atakadya kumeneko mu 2008, anatenga botolo la tsabola kuti athire mu gumbo asanalawe n'komwe, mayiwo anamukalipira pomwepo anthu akuona.

Akatsala musadandaule, muike mu fuliji, mawa lake ndiye amakoma kuposa lero. Mukafika pa ruu paja mundijambulire ndione mtundu wake musanathire anyezi. Kapena ayi, musajambule, mungapsereze. Perekani foni kwa mwana ajambule ndiye.